Phulusa la Eneya

Dzuwa lidali litapendeka pamene Esitele adamva belu la kabaza kuseri kwa zigafa za fodya. Sadadzuke pamphasa. Kuyambira m'mawa makutu ake adali kumsewu wochokera kwa Kamwendo, kudikira kulira kwa galimoto. Njinga sidali kanthu kwa iye, pakuti maliro a munthu wamkulu sabwera pa kabaza.

Uthenga udafika sabata yathayo pa lamya ya ku ofesi ya esiteti: Eneya, mwana wake yekhayo wotsala, wamwalira ku Joni, ndipo mnzake Timoteyo akubwera naye. Basi, mawu adali omwewo. Matenanti anzawo adagona pasiwa mpaka mawu a amayi a Mvano adasasa. M'mamawa wa tsikuli amuna adalimbana ndi nthaka youma ya mwezi wa Ogasiti kumanda a alendo, kumalire a esiteti, makasu akuchita kunjanja. Poti onse ankadziwa kuti Eneya adatengera msinkhu wa bambo ake, adzukulu okumba manda adawayeza bambowo, a Kefasi, ndi maso mwakabisira, n'kuwonjezerapo pang'ono.

Timoteyo adatsika panjinga atakumbatira chikwama pachifuwa. Anthu onse adasuzumira kumbuyo kwake, koma kudalibe china kupatula fumbi.

"Galimoto mwaisiya pati, achimwene?" adafunsa a Jailosi, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo. "Yafera panjira?"

Mnyamatayo adadutsa pakati pa anthu, n'kukagwada pamaso pa Esitele ndi a Kefasi. Adatsegula chikwama chija natulutsa kabokosi ka thabwa kopaka vanishi, kosaposa njerwa ziwiri zosanjikiza.

"Amayi, ndi ameneyu."

Mayi wina adayambitsa mfuu ya maliro, koma idathera m'malere poona kuti palibe woilandira. Anthu adadziwa kulira bokosi, adadziwa kulira mtembo wokulunga m'mphasa. Kulira kanthu koti mwana n'kukanyamula pamutu palibe adaphunzirapo.

Timoteyo adafotokoza maso ali pansi. Eneya ankasamala maluwa panyumba ya azungu ena okalamba. Adadwala chifuwa, namwalirira kuchipatala.

"Mabwana akewo ankamukonda zedi," adatero. "Ndi akhristu, Sabata lililonse amapita kutchalitchi. Kungoti kwawoko wina akamwalira amamutentha, phulusa n'kulisunga bwinobwino. Anamuchitira mmene anachitira ndi mchimwene wawo. Pomwe ine ndimamva n'kuthamangirako, n'kuti zonse zitatha. Anandipatsa kabokosika akulira, akuganiza kuti amulemekeza."

Esitele adayang'ana nsalu yoyera imene idali pamiyendo pake. Adaisunga kuti akamufunditse mwana wake akatha kumuona nkhope. Zaka zambiri zidadutsa osamuona, ndipo masiku onse a pasiwa chomwe chidamulimbitsa chidali chomwecho, kuti nkhope yokhayo aiona. Mtima udamuwawa, koma misozi idakana kutuluka. Adali atalira kale yonse, kulirira mtembo umene sudabwere.

A Jailosi adavula magalasi n'kupukuta kumaso. Sadali munthu wankhanza ayi. Zaka zimenezo matenda adali atalusa, ndipo iwo adali ataimirira pamanda kambirimbiri kufikira buku lawo la nyimbo lidayamba kutseguka lokha patsamba la maliro. Koma za lero m'bukumo mudalibe, ndipo abusa adali kutali.

"Abale anga, ine pano mutu waima," adatero. "Mawu amati thupi limafesedwa ngati mbewu, kuti tsiku lomaliza lidzauke. Abrahamu anaikidwa m'manda. Ambuye wathu anaikidwa m'manda. Tsono ndikufunseni alimi anzanga: chimanga chokazinga chimamera?"

Mawu amenewo adamulasa Esitele kuposa uthenga wa imfa. Ana ake onse adawataya ndi chiyembekezo chimodzi, choti adzawaonanso. Ndiye lero amuuze kuti Eneya yekha sadzapezekako?

Padali mayi wina, a Rozi, wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti, Mkatolika wa ku mishoni ya Guilleme amene pakamwa pake padalibe chitseko. Adayankhira ali chikhalire pakati pa amayi.

"Akulu a mpingo, pepani ndilowerere za eni. Nanga anyamata a ku Uganda aja timawaimbira kwathu aja? Si anawatentha amoyo, ngati mtolo wa nkhuni? Ndiye mukuti Mulungu adzakanika kuwatola?"

"Amenewo anawatentha adani a Mawu, mayi."

"Nanga Eneyayu anadzitentha yekha? Komanso agogo anu amene chiswe chinawamaliza kalekale, mwawaona posachedwapa kuti akadali mbewu yabwino?"

Wina kumbuyo adatsokomola pobisa phwete. A Jailosi adatembenuzatembenuza Baibulo osalitsegula. Kenaka adapumira m'mwamba.

"Chabwino. Amene anaumba munthu ndi dothi, phulusa silingamukanike. Ine si ndine woti nditseke khomo la kumwamba. Timuimbira, timupempherera. Koma alowe m'nthaka lero lomwe, monga mkhristu aliyense. Munthu sasungidwa m'nyumba ngati mchere. Ndipo mukudziwa nonse kuti dzenje la manda siligona lopanda kanthu."

Anthu adavomera ndi mitu, aliyense atapepukidwa. Maliro n'kulirana, inde, koma sabata yathunthu idali itawakwana. Chithatha chonyamulira bokosi chimene amuna adapanga chidasiyidwa chotsamira khoma, poti zikadakhala zoseketsa anthu anayi kusenza kabokosi kaja. Atasowa chochita, adangoti mayi wake akanyamule yekha.

Esitele adakakulunga m'nsalu yoyera ija n'kukafungatira. Amayi a Mvano adayambitsa nyimbo ndi mawu awo osasawo, ndipo mzere udalowa m'kanjira kodutsa m'minda. Mphepo inkaulutsa fumbi pakati pa ziputu za fodya. Kutsogolo kudaoneka mabulugamu, ndipo pansi pake padali manda a alendo.

Kodi adali manda? Eni dera la Chiosya ali ndi manda awo a msitu, a mitengo ikuluikulu, oti munthu sadulamo ngakhale kamtengo kotokosera m'mano. Awa adali malo ongobwereka. Esitele adaona mmene thirakitala idadyera m'mphepete mwake chaka chathachi. Mizere ya fodya idafika mpaka pamitumbira, ndipo mtanda wina wa thabwa udali gone mumzere. Woyendetsa thirakitalayo sadali woipa mtima. Sankadziwa chabe kuti pagona yani, ndipo odziwawo adasamuka kale.

Esitele adakumbukira manda a ana ake ena. Dalitso, mwana wake woyamba, adamusiya pa esiteti ina ku Kasungu. Patapita zaka adapitako ndi maluwa, koma adapeza chimanga chitakula bwino, chobiriwira, moti adangoima m'mphepete mwa munda osadziwa poti agwade. Rhoda adamusiya pa esiteti ya kufupi ndi malire a Zambia, ndipo kumeneko sadayerekeze n'komwe kubwererako. Tsopano kapitawo adali atanena kale kuti esiteti ino ikugulitsidwa, matenanti onse achoke mvula isadagwe. Ku Phalombe kumene adachokera ali mtsikana, kamunda ka amayi ake adagawana kale abale ake. Tenanti ndi mame: dzuwa likangotuluka, sadziwikanso pomwe adagona.

Atafika, a Jailosi adawerenga Mawu mwachidule. Dzenje lidali lalitali, lakuya, lokumbidwa mwaluso, loyenera mwamuna wamsinkhu. Mdzukulu mmodzi adatsikiramo n'kutambasula manja m'mwamba kuti alandire.

Esitele sadasunthe.

"Mayi, perekani," adatero a Jailosi mofatsa.

"Ayi."

Nyimbo idazima. Mdzukulu uja adatsala manja ali m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku.

"Mayi a Eneya," a Kefasi adanong'ona, "anthu atopa. Musatichititse manyazi."

"Inenso ndatopa, bambo a Eneya. Ndatopa n'kufesa ana m'minda ya eni." Mawu ake adali otsika, koma aliyense adawamva. "Dalitso ali kuti? Tandilozereni. Rhoda ali kuti? Tikachoka pano mwezi wamawa, adzalambule pano ndani? Chaka chamawa pano padzakhala fodya, munthu wina adzathyola pamutu pa mwana wanga akuimba nyimbo. Enawo ndinalibe chochita, mtembo sungakwere nawo lole. Koma uyu yekha ndi amene ndingathe kumunyamula."

"Mayi, Mulungu amadziwa pamene pagona aliyense," adatero a Jailosi.

"Mulungu amadziwa, inde. Koma ine sindidziwa. Ine ndine mayi chabe."

A Jailosi adayang'ana kumwamba ngati kuti abusa atsika m'mabulugamu. "Ndikuuzeni zoona, kuti mawa musadzati sindinanene. Ine ndavomera kale zimene sindinazionepo. Koma izi zokha zandipitirira. Mukabwerera naye kunyumba, nkhaniyi ikafika kubwalo la mpingo. Akhoza kukuimitsani Mgonero. Ngakhale yunifomu ya Mvano akhoza kuti muyambe mwaipinda."

Apo Esitele adazengereza. Pa esiteti iliyonse imene adafikapo, chinthu chokha chimene chinkamusandutsa munthu pakati pa anthu chidali bulauzi yoyerayo ndi kapu ya Mgonero. Kunja kwa zimenezo adali dzina chabe m'kamwa mwa kapitawo. Adayang'ana amayi anzake, ndipo ambiri adagwetsa nkhope. Mantha adamugwira, mantha enieni, oti mwina akulakwira Mulungu amene adamusunga zaka zonsezi. Adasendera pafupi ndi dzenje mpaka dothi lidagumukira mkati. Mdzukulu adatambasulanso manja.

Koma manja a Esitele adakana kumasuka. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Adabwerera m'mbuyo.

"Akandiimitse," adatero. "Sindikukana kuti alowe m'nthaka. Adzalowa."

"Liti? Kuti?" adafunsa a Kefasi. "Tili ndi malo ife? Tikamuika pati?"

"Tsiku limene ndidzalowe ine. Kulikonse kumene imfa idzandipeze, mudzamuike m'bokosi mwanga, pambali panga. Thirakitala ikadzabwera, idzatilime tonse awiri. Lipenga likadzalira, sindidzavutika kufunafuna. Mmodzi yekhayo ndidzadzuka naye."

A Rozi, amene sasowa chonena, adangophimba kumaso ndi chitenje.

A Kefasi adayang'ana mkazi wawo nthawi yaitali. Adali munthu wosachuluka mawu, wozolowera kuvomera zilizonse zimene wamkulu wanena. Adayang'ananso dzenje limene anzawo adalikhetsera thukuta. Kenaka adatembenukira kwa mmodzi wa adzukulu.

"Tandibwerekani chikwanje."

Onse adadziwa kumene akupita. Mtembo ukasowa, monga wa munthu wokokoloka ndi madzi, makolo ankaika thunthu la nthochi m'manda kuti dzenje lisaitane munthu wina. A Kefasi adatsetserekera kudambo, ndipo posakhalitsa adabwera atasenza thunthu lalitali, madzi ake akudontha pamalaya.

"Zimenezo si za mpingo," adatero a Jailosi, koma mawu awo adalibe mphamvu. Adatseka buku lawo n'kuliika m'khwapa. "Ine ndiyang'ana kumbali. Mukamaliza mundiuze, ndipempherere amoyo. Akufawa ndawasiya m'manja mwa Mwini wake, poti ine andikanika."

Adzukulu adatsitsa thunthu lija mwaulemu wonse, n'kuyamba kukwirira. Padalibe nyimbo, koma phokoso la mafosholo ndi kupuma kwa anthu otopa. Ena adayamba kubalalika mmodzimmodzi, akunong'onezana. Esitele adadziwa kuti nkhaniyi ifika kwa Kamwendo iye asadafike n'kunyumba komwe, ndipo adzatchedwa mayi wosunga maliro m'nyumba. Adalibenso mphamvu zodera nkhawa zimenezo.

Manja adali atachita dzanzi. Adamasula chitenje chapamwamba, n'kuwerama monga amachitira mayi aliyense. A Rozi adamvetsa osauzidwa. Adatenga kabokosi kaja n'kukakhazika bwino pamsana pake, ndipo Esitele adakokera chitenje n'kumanga mfundo pachifuwa.

Ataweramuka adaima kaye chilili. Kulemera kwake kudali komwe kuja kwa tsiku limene adamubereka Eneya koyamba potuluka naye m'chikuta. Mosazindikira adadzigwedeza pang'ono, monga amachitira pogoneka khanda, nayamba ulendo wobwerera kumzere wa nyumba za matenanti.