Timabwato Tinayi ta Che Jaffalie

Ulendo woyamba umene woyendera masukulu anabwera, Janeth Dzonzi anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo. Anali mphunzitsi watsopano, mwana wa ku Ntcheu, wotumizidwa ndi boma ku sekondale ina yaing'ono kufupi ndi Malindi, ndipo anali adakali pa nthawi yoyesedwa. Tsikulo ankaphunzitsa a Fomu 1 masamu atsopano aja anabwera zaka zimenezo, owerenga ndi manambala awiri okha, 0 ndi 1. Analemba pabolodi kuti 1 kuphatikiza 1 yankho lake limalembedwa 10. Ana anangoti kukamwa yasa! Wina kumbuyo ananong'ona mokweza ndithu kuti dzuwa la ku Mangochi lawazunguza mutu madamu, kalasi yonse n'kufa nako kuseka.

Woyenderayo anali Bambo Abednego Mlenga, munthu wosavula jekete ngakhale kutenthe bwanji, baji ya chipani ili pachifuwa. Sanakalipe. Anangotseka cholembera chawo bwinobwino.

"Mayi Dzonzi, ndibweranso teremu ikamatha. Ndikadzapeza zomwezi, masamu muwasiya. Ahedi akuti akusowa wophunzitsa atsikana zosoka."

Zosoka! Janeth amene anagwetsa anyamata onse pa masamu ku koleji, Janeth amene singano ankaigwira ngati mpini wa khasu! Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo chimene chinamuwawa koposa n'chakuti ahedi, a Fanwell Nkhoma, anagwedeza mutu movomereza ngati munthu amene analosera kalekale. Iwo ankanena poyera kuti masamu ndi ntchito ya amuna.

Koma mwana wa ku Ntcheu salira nthawi yaitali. Janeth anakumbukira chithunzi chimene anaona m'buku lina ku koleji, cha makina amatabwa ophatikiza manambala. Anajambulajambula, kufufuta, kujambulanso, mpaka chinthucho chinamveka m'mutu mwake. Atapita ku boma anagula thumba la mabulo, timipira tagalasi tija ana amaseweretsa. Chimene chinatsala chinali mmisiri, ndipo aliyense amene anamufunsa anamulozera kumodzi: kwa Che Jaffalie Wadi, wokhoma maboti pagombe.

Che Jaffalie anali nkhalamba yaifupi, ya ndevu zoyera ndi kofia yotuwa ndi utuchi. Anayamba kukhoma maboti Janeth asanabadwe, ndipo ankadzitama ndi chinthu chimodzi: boti lawo silinalowepo madzi. Anayang'ana pepala la Janeth mozondotsa, n'kuliwongola.

"Aphunzitsi, chimenechi chiyenda pamadzi ati?"

"Sichiyenda pamadzi, Che Jaffalie. Chiwerenga."

"Thabwa liwerenge? Wallahi, ndaona zambiri ine." Koma maso awo anali atagwa kale papepalapo.

Anakhoma chimene Janeth anajambula. Linali thabwa la mlombwa loimika chopendekeka, ndipo pamwamba pake panali zibowo zinayi zoponyeramo mabulo. Pansi pa chibowo chilichonse panali kathabwa kopendama uku ndi uku pa chikhomo chamtengo. Poti dzanja silisiya chimene linazolowera, timatabwato Che Jaffalie anatisema ngati timabwato, ndipo dzina limenelo linakhazikika. Kabwato koyamba kanali ka 1, kachiwiri ka 2, kachitatu ka 4, kachinayi ka 8. Lamulo lake linali limodzi lokha: kabwato kalikonse kamanyamula munthu mmodzi, ndiye kuti bulo mmodzi. Bulo wachiwiri akagweramo kamagubuduka, mmodzi n'kumira m'kabokosi kapansi, winayo n'kusambira kukakwera kabwato kotsatira.

Eee, ana a kunyanja muwauze za bwato logubuduka! Zimene zinawakanika pabolodi anazigwira tsiku lomwelo. "Kagubuduka, madamu! Wasambira!" Ankakuwa mpaka ahedi kubwera kudzasuzumira pakhomo. Belu lopumira likalira palibe amene ankatuluka. Janeth anayambanso kudya n'kukhuta.

Koma Che Jaffalie, atabwera tsiku lina kudzaona ntchito yawo, anaima pawindo nkhope ili yakugwa. Makinawo ankalira gwedegwede bulo akamadutsa, ndipo phokoso limenelo linkawalasa mumtima. Kwa wokhoma maboti, thabwa logwedera ndi manyazi. Choncho uthenga utafika kuti Bambo Mlenga abwera Lachinayi m'mawa, mkuluyo anapita kwa Janeth Lachitatu ana ataweruka.

"Aphunzitsi, bwana wa boma asaone ntchito yanga ili chonchi. Ndipatseni ndikaimalize. Mudzaitenge mawa m'mamawa."

Janeth anaganiza kuti akukasalaza ndi kupaka mafuta. Anathokoza kwambiri, n'kuwapatsa.

M'mawa mwake anatsetserekera kugombe atavala diresi yake yabwino, yaitali kupitirira mawondo monga lamulo linkafunira. Asodzi anali akuyanika usipa pamathandala. Che Jaffalie anamulandira ndi chimwemwe, anapinda thalauza, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, n'kuyamba kukoka chingwe. Janeth anaganiza kuti akuvuula mono. Chimene chinatuluka chinali makina ake, atamangiriridwa ku mwala, madzi ali chuuu, ndere zitakola pa kabwato ka 4.

"Mayo ine!" Janeth anagwira kumutu. "Che Jaffalie, mwatani?"

"Ndamaliza ntchito, aphunzitsi. Chilichonse chotuluka m'manja mwanga chimayamba chagona m'madzi. Thabwa likamwa limafufuma, mipata yonse n'kutsekeka. Tagwedezani mumve. Zii!"

Zoonadi kunali zii. Janeth anakankha kabwato koyamba ndi chala, koma sikanasunthe. Anakankha ndi chikhatho, osatheka. Zikhomo zinali zitafufuma m'zibowo zake, timabwato tonse tinayi titauma gwa. Anaponyamo bulo, buloyo anangokhala pamenepo.

"Mwandipha," anatero Janeth. "Timabwatoti timayenera kugubuduka! Kugwedera kuja ndiye ntchito yake. Popanda mpata sitiwerenga!"

"Bwato loti lizigubuduka mwadala," anatero mkuluyo, "ndinavomera chifukwa cha ulemu. Koma mpata ayi. Mpata ndi umene umamiza anthu."

"Palani zikhomozi, chonde. Zichepe pang'ono chabe."

"Ine? Ndipale chikhomo chimene chagwira bwino? Anthu a pagombe pano adzati Jaffalie wakalamba. Ayi, mwanangu, zimenezo sindinachitepo."

Kumtunda, ku msewu wochokera ku boma, kunamveka kulira kwa galimoto. Magalimoto obwera kuno sanali ambiri, ndipo Janeth anadziwa kuti ndi Landirova ya Bambo Mlenga. Ahedi akawalandira ndi tiyi mu ofesi, kenako belu la masamu lilira. Mantha ake anasanduka ukali. Sanapemphenso. Anatola nyundo pa benchi ya mkuluyo, anagogoda chikhomo choyamba mpaka chinatuluka, anatenga mpeni wawo wosemera, n'kukhala pansi pamchenga ndi diresi yake yabwino ija. Anayamba kupala.

Kunena zoona, kupala kwake kunali komvetsa chisoni. Mpeni unkalowa mwakuya mbali imodzi, n'kuterereka mbali inayo. Chikhomo chimene chinali chobulungira bwino chinayamba kuoneka ngati chinangwa chotafunidwa ndi mbuzi. Che Jaffalie anayang'ana kumbali. Anayang'ananso. Anatsokomola. Anavula kofia, n'kuivalanso.

"Aphunzitsi, mpeni sagwira choncho."

Janeth anagwiritsitsa mpeniwo. Anapitiriza.

"Mukupita mopingasa mtengo! Tsatani msempha wake!"

Janeth anakanikiza mpeni dala, kachidutswa kakakulu n'kuthothoka.

"Astaghafirullah! Bweretsani kuno!" Mkuluyo analanda mpeniwo. "Ngati ntchito yanga iwonongeke, iwonongeke mwaluso."

Anataya chikhomo chophwanyikacho, n'kusema china kuchokera ku kamtengo kouma. Zinazo anazipala mofatsa, akung'ung'udza m'Chiyao, uku akuyesa chilichonse m'chibowo chake. Chikalowa mothina ankayang'ana Janeth ndi maso opempha, Janeth n'kupukusa mutu, iwo n'kupalanso akuusa moyo. Potsiriza anapaka zikhomozo phula la kandulo. Anakankha kabwato koyamba ndi chala, ndipo kanapendama, gwede! Mkuluyo anatsinzina ngati wamva dzino kuwawa.

Belu linali litalira kale pamene Janeth analowa m'kalasi, makina ali pamutu, madzi akudonthera m'khosi, mchenga uli mbuu kumbuyo kwa diresi. Bambo Mlenga anali atakhala kumbuyo, pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ahedi ali pambali pawo. Ahedi anayang'ana wotchi yawo mokweza mkono kuti aliyense aone. Che Jaffalie, amene anatsatira pambuyo, anaima panja pawindo.

Janeth sanapepese zambiri. Anaimika makinawo patebulo, napukuta manja.

"Tiphatikiza 5 ndi 3. Kuti tikhale ndi 5, akwere ati?"

"Ka 4 ndi ka 1!" kalasi inayankha.

Anaponyamo mabulo awiri, ndipo anakhala m'timabwato tawo. "Nanga 3?"

"Ka 2 ndi ka 1!"

Anaponya bulo mu ka 2, nakhazikika. Anatenga wotsiriza, mtima uli m'mwamba, n'kumuponya mu ka 1. Kanagubuduka. Wosambira anagwera mu ka 2, nako kanagubuduka, ka 4 chimodzimodzi, gwede, gwede, gwede, mpaka bulo mmodzi yekha anakakhala phee mu ka 8.

"Eyiti!" ana anakuwa. Mnyamata wina anathamangira kubolodi n'kulemba 1000 asanatumidwe n'komwe.

Bambo Mlenga anadzuka. Anabwera kutsogolo pang'onopang'ono, anagwira thabwalo, nayang'ana chala chawo chonyowa.

"Chidole chabwino," anatero. "Koma ine sindinabwere kudzayendera thabwa. Thabwali likudziwa masamu, ndaona. Nanga anawa?"

Ahedi anamwetulira. Bambo Mlenga anachotsa mabulo onse, n'kukweza mmodzimmodzi m'timabwato tonse tinayi.

"Apa pali zingati?"

"Fifitini, sala!"

Anatenga bulo wina, namugwira pamwamba pa chibowo cha 1, osamusiya. "Ndikuwonjezera 1. Musanaone, ndiuzeni chimene chichitike, ndipo mundilembere yankho."

Janeth anayang'ana madesiki onse, osaona mkono wokwera. Chiyambire sanadutsitsepo ana pa 15, poti makinawo ankathera pomwepo. Anaona singano ndi ulusi zikumuyembekeza. Anafuna kulankhula, koma Bambo Mlenga anakweza dzanja kumuletsa.

Kenako pakati pa kalasi panakwera mkono. Anali Asiatu, mwana wa msodzi, mtsikana amene teremu yonse sanayankhepo funso mokweza.

"Sala, tonse tigubuduka," anatero motsitsa mawu. "Ka 1, ka 2, ka 4, ka 8. Ndiye wosambira womaliza asowa bwato lokwera. Agwera pansi."

"Ndiye kuti yankho ndi 0?"

"Ayi, sala." Mawu ake anakwera. "Munthuyo alipo, bwato ndi limene palibe. Pakufunika kabwato kachisanu, ka 16."

Anapita kubolodi, analandira choko m'manja mwa Janeth, n'kulemba 10000.

Bambo Mlenga anasiya bulo uja. Gwede, gwede, gwede, gwede! Timabwato tonse tinayi tinatsala topanda kanthu, ndipo bulo womaliza anadumpha m'mphepete mwa thabwa, anagwa pasimenti, nagubuduzika pakati pa madesiki mpaka kutuluka pakhomo.

Kalasi inaphulika. Anyamata anamenya madesiki, atsikana anaimba nthungululu ngati kuli ukwati, ndipo palibe amene anawaletsa. Janeth anaseka misozi ili m'maso, osasamala kuti bwana akumuona.

Bambo Mlenga anadikira phokoso lizizire. Anafunsa ana ena awiri mafunso a pabolodi popanda makina, ndipo onse anakhoza. Pamenepo anatembenukira kwa ahedi, nalankhula mokweza kuti kalasi yonse imve.

"A Nkhoma, wa zosoka mufune wina. Mayi Dzonzi ndi a masamu, ndipo chaka chamawa muwapatsenso Fomu 2."

Ahedi anati inde, inde, iwo ankadziwa kale kuti mtsikanayu ndi waluso. Janeth anawayang'ana, n'kuwasiya choncho.

Atatuluka panja anapeza Che Jaffalie atatola bulo uja, akumupukuta fumbi ndi malaya. Mkuluyo sankamva Chingerezi cha m'kalasi, koma anaona ndi maso ake zimene zinachitika.

"Aphunzitsi, uyu wagwa pansi chifukwa chiyani?"

"Anasowa bwato, Che Jaffalie. Timabwato tinatha."

Nkhope ya mkuluyo inasintha. "Munthu kusowa bwato, pa ntchito ya Jaffalie? Pamaso pa bwana wa boma?" Anaika buloyo m'thumba la malaya. "Bweretsani thabwalo Loweruka. Ndisema kachisanu."

"Koma osakagoneka m'madzi."

"Sindikagoneka."

"Ndipo mpata musiye."

Che Jaffalie anayang'ana uku ndi uku, ngati pali msodzi amene akumvetsera. Kenako anasendera pafupi, natsitsa mawu.

"Mpata ndisiya, mwanangu. Koma kugombe musakanene."