Kuzula Chingwe

Mtchona anayang'ana zizindikiro zobiriwira pa kompyuta, mtima osakhala pansi. Dzinali anampatsa ndi a muofesi ya alamu ake, ndipo ankalitchula iye ali pomwepo.

Anali atalemba kapulogalamu kolumikiza kompyuta ya bambo wina wojambula zithunzi ndi nkhokwe ya pa intaneti. Chithunzi chikakwera, kapulogalamuko kankachifufuta mu kompyuta kuti malo apezeke. Zinali zithunzi za maukwati, za maliro, za makanda amene lero ali ndi imvi. Za papepala chiswe chinadya kalekale.

Mayeso onse anali atadutsa. Koma anawalemba ndi mutu wa kumene anatchonako, kumene intaneti siphethira n'komwe. Kuno kwawo anapeza mitengo ya m'misewu itadulidwa, laibulale itasanduka sitolo ya matayala. Chimene sichinasinthe n'chakuti zinthu zimadukira pakati.

"Alamu, kapulogalamuka tisakapereke lero."

"Mwayambatu," anatero mwamuna wa mkulu wakeyo, akumanga tayi. "Zonse zabiriwira ngati dimba. Mukufunanso chiyani?"

"Sindinayese netiweki ikathawa chithunzi chili m'njira."

"Ikathawa timadikira, mlamu. Zakunjazo mukanazisiya pabwalo la ndege."

Mawuwo anamuwawa. Akaumirira, ati akunyoza kwawo. Akakhala chete, ati wayamba kukhala munthu.

Bambo wojambulayo analowa atakupatira laputopu yokulungidwa m'thawulo, ngati khanda lochokera kuchipatala. Alamu anatambasula manja kuti ayilandire.

"Bambo, isungeni kaye," anatero Mtchona. "Alamu, tamwetulirani."

Anawajambula ndi foni, naika chithunzicho mu kompyuta ya muofesi, momwe munali kapulogalamu kaja. Kamzere kosonyeza kukwera katafika pakati, anawerama kuseri kwa tebulo n'kuzula chingwe cha intaneti.

Chizindikiro chinabiriwira: zatheka. Mu kompyuta chithunzi munalibe. Atabwezera chingwe n'kutsegula nkhokwe ija, anapezamo dazi la alamu, nsidze ndi maso. Kuyambira pamphuno kutsika kunali kotuwa ngati phulusa.

Wina anatsamwa ndi tiyi.

"Iii, abwana atsala dazi lokha," ananong'ona sekilitale.

Bambo aja sanaseke. Anakokera laputopu pachifuwa.

"Mayi, akazi anga ali umu. Kwina kulikonse kulibe."

"N'chifukwa chake kapulogalamuka sikakhudza chithunzi chanu mpaka kataphunzira kufunsa kuti chafika chathunthu, kasanafufute."

Alamu anamasula tayi.

"Mwandivula pamaso pa kasitomala. Mawa musabwere. Akulu anu ndikawauza ndekha."

"Mukawauze. Mawa ndibwera, ndipo ndidzazulanso. Mkuja ndidzazimitsa magetsi."

Mtchona anakoka mpando, natsegula tsamba la mayeso atsopano. Bambo aja sanatuluke. Anakhala pabenchi pafupi ndi khomo, thawulo lili pamiyendo, akuyang'ana zala za Mtchona zikugogoda pa kompyuta.