Fyuluta Padzuwa

Ulendo womaliza kuwaona achemwali ake ali moyo, iwo anali ataima paphiko la ndege imene ankayendetsa, mwendo umodzi uli kale m'kati, akusenda lalanje ndi mano. Nthawi inali itangokwana seveni koloko m'mawa. Kumbuyo kwa mpando wawo kunali makatoni anayi a mankhwala opita ku chipatala china cha kumapiri, kumene galimoto imatha tsiku lathunthu koma kandege kawo kankangotenga ola limodzi ndi theka.

"Iwe Wakoleji," anamuitana, khoko la lalanje lili pakamwa. "Waona?"

"Ndaona," iye anayankha.

Koma sanaone.

Dzina la Wakoleji anamupatsa ndi achemwali ake omwewo, chaka chimene anasiya koleji ali m'chaka chachiwiri n'kubwera kudzagwira ntchito mushedi ya ndege. Anthu a pakabwalo ka ndege ankati mabuku anamukanika, ndipo iye ankangowasiya. Zoona zake ankazidziwa anthu atatu okha: iye, achemwali ake, ndi bambo awo, amene maso awo anali atayamba kuchita chifunga.

Bambo anali makaniko pakabwaloko kwa zaka makumi atatu. Manja awo ankadziwa bawuti iliyonse, ndipo khutu lawo linkamva matenda a injini isanayambe n'komwe kudandaula. Koma panali kantchito kamodzi kamene manja ndi makutu sizikanatha.

Kutsogolo kwa injini, pansi pa pulopela, pamakhala fyuluta, sefa ya mpweya imene imatchinga fumbi. Ndi nsalu ya thonje yopindapinda, yopanidwa pakati pa timawaya, m'mbali mwake muli labala. Zakale zikada ankangotaya, koma izi zinali zochapa. Umaithira mankhwala ake, n'kuitsukuluza ndi madzi oyenda pang'onopang'ono, n'kuiyanika pamthunzi mpaka iume yokha, kenako n'kuipaka mafuta ofiira. Usanaipake mafutawo, umaikweza padzuwa. Kuwala kukamadutsa mofanana paliponse, ili bwino. Pakaoneka kadontho kowala kuposa pena, yabooka. Ndipo kansalu kapena kalabala kakathothoka, injini imakameza n'kutsamwa. Galimoto ikatsamwa umaiimika m'mbali mwa msewu. Kumwamba kulibe m'mbali.

Choncho anapangana. Bambo ankaima pakhomo la shedi n'kukweza fyuluta, Wakoleji ali kumbuyo kwa phewa lawo ngati wophunzira ntchito. Ikakhala yabwino iye ankafunsa kuti, "Ndikatenge mafuta, bambo?" Ikakhala yobooka ankati, "Ndikatenge tiyi, bambo?" Apo bambo ankachita tsinya, n'kunena mokweza kuti, "Iyi yatha ntchito." Kenako ankasaina m'buku la ndege pamene chala cha mwana wawo chaloza. Zaka ziwiri zinatha chomwecho, anthu akuwatama kuti mdala ameneyu amaona ndi kuseri komwe.

Lachiwiri limenelo, bambo akukweza fyuluta ya ndege ya achemwali, foni ya Wakoleji inanjenjemera m'thumba. Anaitulutsa. Zinali zithunzi za anzake a m'kalasi atavala mikanjo ndi zisoti, akuseka mano onse panja. Panali ngakhale uja ankakopera masamu kwa iye. Anayang'ana chithunzi choyamba, chachiwiri, chachitatu. Bambo anatsokomola pang'ono kumukumbutsa.

"Ndikatenge mafuta, bambo?" anatero, monga mmene munthu amanenera ameni pemphero asanalimve.

Uthenga unafika nthawi ya masana isanakwane. Mlimi wina anamva injini ikutsokomola kumwamba, kawiri, katatu, kenako zii. Ndegeyo inagwera m'mitengo, chipatala chikuonekera potero.

Masiku asanu ndi anayi otsatira, Wakoleji ankakhala m'mawa umodzi womwewo. Akatsinzina ankadziimikanso pakhomo la shedi, n'kuyesa kukoka maso ake kuchoka pafoni kuti aone chimene chinali pamwamba pa phewa la bambo. Nthawi zina ankaona kuwala kosalala bwinobwino. Nthawi zina ankaona kadontho. Ankadziwa kuti zonse ziwirizi akungozipeka. Chakudya chinkakana kutsika. Munthu akatsokomola pafupi naye, mtima unkadumpha ngati wapondedwa. Foni ija anaiponya m'dirowa ya masipanala, koma pamenepo n'kuti itamaliza kale ntchito yake.

Achibale obwera kudzapepesa ankamugwira dzanja n'kumati, "Limba mtima, ndiwe watsala wowasamala bambowa." Iye ankangoti zikomo.

Lachinayi m'mawa, tsiku lobwera wofufuza ngozi, anawayendetsa bambo pagalimoto kupita kubwalo monga mwa masiku onse. Bambo anavala ovolosi yochapa bwino. Atafika pa geti, anatembenukira kwa mwana wawo.

"Akakufunsa, iwe ndiwe wotumidwa chabe," anatero. "Wosaina ndine."

"Bambo, tsiku lija..."

"Sindinakufunse za tsiku lija."

"Koma ine..."

"Ndati sindinakufunse, ndipo sindidzakufunsa. Imika apo, pamthunzi."

Wakoleji anazimitsa galimoto, koma makiyi anamupulumuka n'kugwera pansi pa mpando. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti bambo ake anamva foni ija. Khutu limene linkamva bawuti yomasuka m'kati mwa injini yolira silikanalephera kumva foni ikunjenjemera kumbuyo kwa phewa.

Mushedi anapezamo Kaputeni, woyendetsa ndege inayo, yopopera mankhwala m'minda. Anali munthu wamimba yake, wa nthabwala, bambo wa ana aakazi atatu amene zithunzi zawo anazimata pafupi ndi mawotchi a m'ndege. Chichitikireni ngozi, ndege yake anali atailetsa kuuluka mpaka wofufuza amalize.

"Wakoleji, ndege yanga yamera mizu," anatero, akuyesa kuseka. "Mawa mudzaipeza yabereka zipatso." Anaona kuti nthabwala yagwa pansi, ndiye anamugwira paphewa. "Usaope, mphwanga. Amenewa amangobwera kudzalemba mapepala. Ine mdala wakoyu akangoti zili bwino, ndimakwera nditatsinzina."

Wakoleji anayang'ana pansi.

Wofufuzayo anali mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, magalasi ake ali pachingwe. Sanakweze mawu. Anapepesa maliro, anakana mpando, n'kuyamba kuwerenga buku la ndege tsamba ndi tsamba, chala chikuyenda pansi pa mizere. Mushedi munangomveka malata akuthetheka ndi dzuwa.

"Apa mwalemba kuti fyuluta munaichapa Lolemba, n'kuibwezera Lachiwiri m'mawa."

"Eya, mayi," anatero bambo.

"Anaiyang'ana ndani?"

"Ine ndemwe."

"Chabwino. Sikuti ndikukayika, bambo, mbiri yanu ndinaimva. Ndimangofuna kuona mmene anthu amagwirira ntchito pamalo pawo. Tandionetsani." Anayang'ana pathandala loyanikira. Panali fyuluta imodzi yotuwa, youma, yosapaka mafuta. "Iyi nja ndege iti?"

"Yanga imeneyo," anayankha Kaputeni. "Ikungodikira inu, mayi, kuti tibwerere kuntchito."

Mayi uja anaitenga n'kuwapatsira bambo. Bambo anailandira ndi manja awiri, anayenda masitepe asanu ndi awiri amene ankawadziwa pamtima, n'kuima pakhomo. Miyendo ya Wakoleji inamutengera yokha pamalo ake, kumbuyo kwa phewa lamanja. Fungo la sopo wa ovolosi linamulowa m'mphuno.

Bambo anakweza fyuluta.

Ulendo uno Wakoleji anayang'ana. Anayang'ana mpaka maso kuwawa, mpindo uliwonse, kuyambira pamwamba kutsika. Kuwala kunali kosalala, kosalala, kosalala. Ndiye pakona yakumunsi, pampindo wachitatu, pomwe nsalu imalowa m'labala, panali kadontho kowala ngati nsonga ya singano. Pambali pake kaulusi kankagwedera ndi mphepo.

Nayi, ndiye mmene imaonekera. Kanthu kochepa chonchi. Kanthu koti ungakaphonye pongophethira, nanji uli pafoni.

Mawu anali okonzeka kale pamlomo. Ndikatenge tiyi, bambo? Mawu atatu okha. Bambo achita tsinya, anena kuti iyi yatha ntchito, mayi uja avala magalasi n'kupeza kabowo, ndipo alemba m'kabuku kake kuti makaniko wa pano ali ndi maso akuthwa. Kaputeni aombera m'manja. Aliyense apita kwawo. Mawa ndege iuluka, ndipo mkucha, ndi mwezi wamawa, Kaputeni azikwera atatsinzina, osadziwa kuti moyo wake uli m'maso mwa munthu amene tsiku lina anayang'ana kumbali. Achemwali ankadziwa. N'chifukwa chake ankafunsa. Kaputeni analibe ngakhale funso loti afunse.

Bambo anali chikwezere fyuluta m'mwambamo.

"Dzuwa lafooka lero," anatero, chonsecho kunja kunali kowala kothobwa m'maso.



"Iwe," anatero bambo chapansipansi, osatembenuka, "wangoti njo ngati mtengo bwanji? Palibe choti ukatenge?"

Wakoleji anatsegula pakamwa.

"Yabooka," anatero. Mawuwo anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Yabooka pakona yakumunsi, kumanja. Bambo sangapaone. Bambo saona, mayi. Patha zaka ziwiri. Ndimawaonera ndine."

"Khala chete, iwe," anatero bambo.

"Ndipo tsiku lija sindinayang'ane. Ndinali pafoni. Achemwali anandifunsa ngati ndaona, ine ndinati ndaona."

Atamaliza anadikira kuti chinachake chigwe, denga kapena dzanja la bambo. Palibe chinagwa. Kunja mbalame zinkangolira pawaya wa mpanda.

Bambo anatsitsa fyuluta pang'onopang'ono. Anayendetsa chala chachikulu m'mbali mwa labala, mpindo woyamba, wachiwiri, wachitatu, n'kuima. Anakapeza kaulusi kaja. Anakagwira nthawi yaitali.

Kaputeni anavula chipewa. Anayang'ana fyuluta, anayang'ana ndege yake, anayang'ana bambo.

"Mdala," anatero, mawu akusasa. "Zaka ziwiri? Ana anga aja mumawanyamula pamwendo aja?"

Kaputeni anatuluka, n'kukaima patali pafupi ndi thanki ya mafuta, atafulatira.

"Mayi," anatero bambo, nkhope italoza pamene ankaganiza kuti wofufuzayo waima, koma iye anali atasuntha pang'ono. "Polemba mulembe bwino. Mwanayu ankaphunzira. Anali wanzeru kuposa tonse m'nyumba mwathu. Ndinamuchotsa kusukulu ndine, chifukwa ndinkaopa kukhala pakhonde. Mlandu ndi wanga."

"Ndilemba zimene aliyense wanena, bambo," anayankha mayi uja. "Khalani pansi kaye."

Wakoleji anawagwira bambo pachigongono n'kuwatsogolera pampando. Kanali koyamba kuchita zimenezi anthu akuona. Bambo sanakane. Anakhala, fyuluta ili pamiyendo.

Kenako Wakoleji anatembenukira kwa wofufuzayo. Funso limene linamudya masiku asanu ndi anayi linali pakhosi, ndipo ankaopa yankho lililonse.

"Inali fyuluta?"

Mayi uja anavula magalasi.

"Kutsogolo kwa ndege kunapsa, achimwene. Injini tinaitumiza kuti akaimasule. Zimene mwanenazi zitithandiza kudziwa poyang'ana. Mwina tipeza kanthu m'kati, mwina tipeza kuti chinali china, mafuta kapena waya. Mwinanso sitipeza chilichonse. Sindikunamizani."

"Ndiye sindidzadziwa?"

"N'kutheka."

Wakoleji anagwedeza mutu. Ankaganiza kuti akanena, mantha atha. Sanathe. Anangosuntha, kuchoka pakhosi n'kukakhala pansi pamtima, pamene ankaoneka kuti akhalitsa. Koma mpweya unkalowa tsopano. Anapuma kwambiri, kawiri.

Mayi uja anachotsa masipanala pabenchi, anapukuta ndi kansanza, n'kuikapo pepala loyera ndi cholembera.

"Lembani zonse mmene zinayendera, m'mawu anu. Musathamange. Yambani ndi tsiku."

Wakoleji anakhala pansi. Pabenchi pomwepo, kuseri kwa botolo la mafuta ofiira, panali kakhoko ka lalanje kouma, kopiringizika, kamene palibe anali atakasesa. Sanakakhudze.

"Wakoleji," anaitana bambo kuchokera pampando. Anali asanamuitanepo ndi dzina limenelo. "Pakuwala bwino pamenepo?"

"Pakuwala, bambo."

"Lemba ndiye."

Anagwira cholembera, n'kulemba pamwamba pa pepala.

Lachiwiri, pa 6 Ogasiti.