Timikanda Tofiira M'magazi a Solène

Mkazi wanga Solène ankangotha tikuona. Thupi kutentha, m'nthiti kuwawa, chakudya osachifuna. Adokotala atanena kuti maselo oyera achuluka m'magazi, tonse tinaganiza chimodzi, chifukwa mayi ake anapita ndi khansa ya m'magazi, ndipo inayamba chonchi. Mantha anandigwira moti ndinkakalipira nkhosa zanga popanda chifukwa.

Mng'ono wake, Maëlle, amayeza magazi pachipatala chathu. Tsiku la zotsatira anandipeza ndikuzungulira pakhonde, Solène atakhala pabenchi.

"Alamu, mutithera simenti," anatero. "Lowani, koma nsapato za ndowezo muzipukute."

Anandikhazika pa maikulosikopu. Poyamba ndinangoona nsidze zanga. Kenako kunayera. M'kadontho ka magazi a Solène kopaka utoto munali khamu la maselo. Ena akuluakulu anali odzaza ndi timikanda tofiirira ngati lalanje lakupsa, tothithikana, tonse tofanana. Pakati pa selo lililonse panali timatumba tiwiri tabuluu tolumikizidwa ndi kaulusi, ngati magalasi a m'maso. Zaka zonsezi ndagona pambali pa mayiyu osadziwa kuti amayenda ndi zokongola zotere.

"Dzina lawo ndi maeosinofili," anatero Maëlle. "M'kamkanda kalikonse muli poizoni wowotchera nyongolotsi. Onani, ndi okhwima bwino, palibe wopunduka. Akhansa saoneka chonchi. Awa abwera kunkhondo. Kodi Solène akadali kudya keresoni, ndiwo yamasamba ya kumtsinje ija?"

"Chisanu chikangotha amakathyola, n'kudya wosaphika. Si mwambo wa kwanu umenewo?"

"Wa kwathu, inde. Koma mtsinjewo umadutsa podyera nkhosa zanu. Adokotala atsimikiza m'mawa uno: ndi nyongolotsi ya m'chiwindi. Inachoka ku nkhosa, n'kudzera mu nkhono, n'kukakamira pamasamba."

Nyongolotsiyo ndimaidziwa. Chaka chilichonse ndimamwetsa nkhosa mankhwala ake, zikundiponda.

"Kwa munthu imachizika?"

"Imachizika. Komatu akuluwa mukawamwetse mwaulemu, osawapana m'miyendo."

Ndinafuna kuseka koma kunatuluka misozi. Ndinatsegula chitseko. Solène anandiyang'ana ndi nkhope ya munthu amene watsanzika kale.

"Si khansa, mayi," ndinatero. "Tabwera udzaone."

Anaweramira pamakinawo nthawi yaitali, dzanja lake lowonda litagwira langa. Kenako anafunsa motsitsa, diso lili pomwepo.

"Onsewa akumenyera ine?"