Kafulashi ka Kumbuyo kwa Rauta

Elinati asanabwerere ku Kitwe kumene amagwira ntchito, anaikira bambo ake, a Lemmy Mwanza, rauta, kabokosi ka intaneti, m'nyumba mwawo ku Zemba, kuti azionana pafoni Lamlungu lililonse. Kumbuyo kwa rautayo analowetsako kafulashi kakuda.

"Atate, rautayi m'kati mwake ndi mochepa, ndiye nzeru zake ndaziika m'kafulashika. Ikamayaka imawerenga m'menemo. Musakazule."

A Mwanza anavomera, koma kwa iwo fulashi inali chinthu cha nyimbo, monga za m'maminibasi a ku Chipata. Chimwalirireni akazi awo, m'nyumbamo munali zii kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Tsiku lina anazula kafulashi kaja, napalasa njinga mpaka kumsika wa Chadiza, kwa mayi Prisca oika nyimbo m'mafulashi.

"Agogo, kompyuta ikukana kukawerenga. Ndiyambe ndafufuta zam'katimu?"

"Fufutani, mayi, malo achuluke. Muikemo zakwaya zokhazokha."

Lamlungu m'mawa anakabwezera pamalo pake, navala jekete, nakhala pampando foni ili m'manja. Kanyale ka rauta kanangophethira mofiira. Anazimitsa, nayatsanso, koma sikanasinthe.

Dzuwa litapendeka anakwera chulu cha kumunda wa thonje, pamene foni imagwira pang'ono, naimbira mwana wawo n'kumufotokozera zonse. Mawu a Elinati ankamveka modukaduka.

"Zimenezo n'zofunika ine ndemwe, atate. Tchuthi ndipeza pa Khirisimasi."

Foni inaduka asanayankhe. Anaimabe pachulupo kwa kanthawi, akuyang'ana anthu amene ankakumba mtedza kutsidya kwa dambo.