Mawu Atatu pa Manda a Sailesi

"Baba, abstemious n'chiyani? Agogo Dorica akuti ndikufunseni."

Winifred anafunsa m'Chishona, monga ana ambiri a m'komboni ya St Mary's, ngakhale bambo ake, Fabiano, ankamulankhula m'Chichewa. Fabiano anali atangotsika basi yochokera ku Harare. Sanavule n'komwe jekete, anangodutsa pampanda kupita kwa Dorica.

Loweruka lapitalo iye ndiye analankhula pamaliro a Sailesi, mwamuna wa Dorica. A bungwe la maliro la anthu ochokera ku Malawi anamusankha chifukwa ankaphunzira sukulu yamadzulo, komanso kunabwera azungu awiri a kufakitale kumene malemuyo ankagwira ntchito. Fabiano anasakasaka m'dikishonale mawu osowa, olemera pakamwa, ndipo pamandapo anawatchula mosaphonya. Azungu aja anagwedezera mitu.

Fabiano anapeza Dorica akusankha nyemba pakhonde, atavala zakuda.

"Khalani, bambo a Winifred. Mwezi wamawa ndikupita ku Dedza kukawafotokozera abale awo za maliro. Akandifunsa kuti anthu ananena zotani. Ine ndinangogwirapo mawu atatu, mwana wanuyu ndiye wandisungira. Tandimasulirani."

"Loyamba linali indefatigable. Munthu wosatopa pa ntchito."

"Limenelo n'zoona. Lachiwiri?"

"Taciturn. Munthu wosakonda kulankhula."

Dorica anasiya nyemba zija.

"A Sailesi? Aja ankadzutsa mzere wonse wa nyumba uno ndi nkhani za mpira?"

Fabiano anayang'ana nsapato zake.

"Nanga lija lamukanika mwanayu kutchula bwino?"

"Abstemious. Limanenedwa za munthu wodziletsa pa zakudya ndi zakumwa. Makamaka mowa."

Dorica anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Aka kanali koyamba kuseka chichitikireni maliro.

"Achimwene, Lachisanu lililonse ndinkakawatenga kumabala a ku Huruyadzo akuimba nyimbo zakwawo, chipewa atachisiya kubala. Inu munaika m'manda munthu wina. Wangayo sanaikidwebe."

Fabiano anafuna kunena kuti mawuwo ndi aulemu, kuti m'Chingerezi amawasungira anthu olemekezeka. Koma anazindikira kuti anayamba wakonda mawuwo, kenako n'kumuveka Sailesi ngati suti yobwereka. Zaka zonse zija ankangomupatsa moni pampanda, buku lili kukhwapa, akuthamangira kusukulu.

"Ndiye ku Dedza ndikanene chiyani?" anafunsa Dorica, kuseka kutatha. "Alongo awo akamva zoti sankamwa ndiponso sankalankhula, adzati ndinkakhala ndi mwamuna wina kuno ku Zimbabwe."

"Kanenani loyamba lokhalo, mayi. Enawo asiyeni kuno. Ndi anga."

Kumsewu ana ankamenya mpira wa mapepala.

"Chaka chamawa tidzaika mwala pamanda," anatero Dorica. "A bungwe adzasankhanso inu, palibe wina. Ndikuopa kuti mudzabwera ndi ena atsopano."

"Ndidzalankhula Chichewa. Koma munthuyo sindinamudziwe bwino. Mukabwerako kumudzi, Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndizibwera pakhonde pano, muzindiuza za iwo. Ndipo pamandapo sindidzanena liwu limene inu simunalimve kaye n'kulivomereza."

Dorica anamusunthira lichero la nyemba.

"Ndizikuuzani zonse, ngakhale za ku Huruyadzo. Koma muzimvetsera uku manja akusankha nyemba."

"Ndizisankha, mayi."