Nyundo ya Alamu

Lole ya mchenga inagunda galimoto ya Mayi Hutala Lachiwiri m'mawa, atangotsitsa mwana womaliza pageti la sukulu. Loleyo inkabwerera m'mbuyo, dalaivala wake osayang'ana, ndipo inafinya chitseko chakumbuyo, n'kuthyola bampala ndi nyali. Mphindi zisanu zokha zapitazo, pampando umenewo panali ana atatu. Mayiwo anazimitsa injini n'kutuluka.

Dzina la Hutala anawapatsa ndi makolo a anawo, chifukwa pakhomo lililonse ankaliza hutala kawiri basi, ukachedwa uyenda wapansi. Chimwalirireni amuna awo, ntchito yawo inali yomweyo, kutenga ana khumi ndi awiri m'mawa n'kuwabweza masana. Galimotoyo ndiyo inkadyetsa pakhomo, ndipo ankadziwa kuti makolo angadikire milungu iwiri, koma wachitatu apeza wina.

Dalaivala wa lole anatsika akusisita m'manja.

"Mayi anga, tisavutitse apolisi. Tingokambirana ngati anthu, ndikukonzetserani ndekha."

"Mukanayendetsa ngati munthu bwenzi tikukambirana. Lole imeneyo isasunthe."

Mayi Hutala anatulutsa foni n'kujambula zonse: mmene magalimoto anaimira, nambala ya lole, laisensi ya dalaivala, ngakhale pepala la inshuwalansi lomata pagalasi. Mlonda wa sukulu, amene anaona zonse, anawapatsa nambala yake. Apolisi atabwera n'kulemba zawo, mayiwo anaimbira kampani yawo ya inshuwalansi.

"Mubweretse lipoti la apolisi ndi zithunzizo, mudzadzaze fomu," anatero mtsikana wa pafoni. "Munthu wathu adzaiona Lachinayi. Koma mayi, mumvetse bwino, wina asaikhudze. Mukayamba kukonza tisanaione, sitilipira."

Galimoto inkayendabe, ngakhale inkalira ngati chitini, ndiye anaikwawitsa mpaka kunyumba. Cholakwa chawo chinali chimodzi: mawu a mtsikana uja sanauze mlamu wawo.

Mlamuyo anali mng'ono wa malemu amuna awo, bambo wometa tsitsi amene ankagona m'chipinda chakuseri. Mtima anali nawo wabwino, koma ankakhulupirira kuti dzanja lodziwa kumeta limadziwa ntchito iliyonse. Wailesi ya pakhomopo anaikonza mpaka inasiya kulankhula.

Lachitatu Mayi Hutala anakhalitsa pamizere, kupolisi, ku inshuwalansi, kenako kuchipatala kukaonetsa khosi, lomwe linkawapweteka chigundidwireni ndi lole. Pobwera masana anapeza pabwalo pali mbee, galimoto palibe, pangotsala dontho la oyilo ndi nyundo pakhonde.

Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda. "Alamu anu atuluka nayo. Koma m'mawa wonse kunali gu! gu! gu! Ndimayesa mukugumula nyumba."

Mayi Hutala anamuimbira foni mlamuyo nthawi yomweyo.

"Musadandaule alamu," anayankha mlamuyo. "Ndili kwa amisiri a kuseri kwa msika. Lolemba mukhala muli pamsewu."

Mayiwo anadula foni. Anaimitsa njinga yamoto n'kukwera, khosi lopwetekalo kuliiwala. Njira yonse ankangoona chitseko chawo chitawongoledwa kale, chitapakidwa penti, umboni wonse utafufutika.

Galajayo inali mkati mwa mpanda wa malata, yodzaza magalimoto opanda matayala okhazikidwa panjerwa. Yawo inali pakona, yophwanyika mmene inalili. Mlamu wawo anakhala patayala nkhope itagwa. Mmisiri, bambo wamfupi waimvi, pensulo ili kukhutu, anabwera akupukuta manja pansanza.

"Galimoto iyi ndi yanu, mayi?"

"Ndi yanga."

"Nanga bambo awa?"

"Ndi alamu anga."

"Pepani kwambiri," anatero mmisiriyo. Anapisa m'thumba n'kutulutsa makiyi. "Ndawafunsa ngati a inshuwalansi aiona, akuti amenewo ndi ochedwa. Ndiye ndawalanda makiyi. Amafuna kupita nayo kwa anzanga uko, ndipo amenewo akanaikonza lero lomwe, inu n'kulira mawa."

"Ine ndimafuna kuthandiza," anang'ung'udza mlamuyo.

"Mwathandiza kale, achimwene. Bwerani mayi muone thandizolo."

Anawaonetsa chitseko. Pakati pa pamene lole inafinya panali timabampu tozungulira totuluka kunja, ngati munthu wolumidwa ndi njuchi. Bampala panalibe. Mlamuyo anavomera kuti analizula n'kuliponya kudzala pamodzi ndi magalasi a nyali.

"Ndiye zatha basi?" anafunsa Mayi Hutala.

"Sizinathe. Achimwene, pitani kudzalako mukatole chilichonse, ngakhale kagalasi kochepa ngati chikhadabo. Inu mayi, imbirani a inshuwalansi panopa. Muwauze kumene kuli galimoto, muwauzenso za nyundo."

"Ndiwauze? Si kudzipereka ndekha kumeneko?"

"Akazitulukira okha adzati mwaiphwanya dala kuti akupatseni chitseko chatsopano. Ntchito imeneyi ndakalambiramo. Amakhululukira wopusa, koma wabodza ayi."

Anaimba. Mtsikana uja anausa moyo. "Mayi, si ndinakuuzani? Chabwino, ndalemba. Munthu wathu adzaona yekha mawa, koma sindikulonjeza kanthu."

Lachinayi munthu wa inshuwalansi anafika atavala shati yoyera, akulumpha zithaphwi za oyilo. Pansi, pachikatoni, mlamuyo anali atayala bampala ndi magalasi onse, ena akadali ndi makoko a nthochi. Bamboyo anazungulira galimoto kawiri, kenako anayendetsa chala pachitseko.

"Apa pamenyedwa ndi nyundo."

"Tinanena dzulo," anatero Mayi Hutala.

"Munanena, inde. Koma ine ndidziwa bwanji pamene lole inalekezera ndi pamene inu munayambira? Lamulo lathu mukulidziwa."

Mayiwo anatsegula pakamwa, koma mmisiri anawagwira pamkono. Anakoka chitsekocho mpaka chinatseguka molira, n'kuloza mkati mwake ndi pensulo.

"Bwana, lole imamenya kuchokera kunja kulowa mkati, ndipo yasiya penti yake yachikasu, iyi. Nyundo yamenya kuchokera mkati kutuluka kunja. Werengani, mabampu khumi ndi limodzi, onse ang'onoang'ono, a dzanja lozolowera sizasi. Tsopano onani chitsulo ichi chogwira chitseko. Chapindika mpaka pansi. Munthu uyu angapinde chimenechi? Botolo lomwe amatsegulitsa kwa ena."

"Ndine ndinamenya, bwana," anatero mlamuyo atavula chipewa. "Alamu anga kunalibe. Ngati pali chilango chikhale changa."

Munthu wa inshuwalansi anapempha foni ya mayiwo. Anayang'ana zithunzi za pageti la sukulu chimodzichimodzi, kukulitsa, kuyang'ana chitseko, kubwereranso pachithunzi. Anagwada, shati yoyera ija n'kukhudza tayala, kusuzumira chitsulo chopindikacho. Kenako analemba nthawi yaitali.

"Chitsekochi chinali chosintha kale lole itangochigunda," anatero pomaliza. "Nyundo sinawonjezere kanthu. Pakanapakidwa penti bwenzi tikulankhula zina. Kalata yovomereza ituluka Lolemba." Anatembenukira kwa mlamuyo. "Inu, mitu ya anthu mumaimetanso chonchi?"

Atachoka, Mayi Hutala anakhala patayala lomwe lija. Sanalire, si anthu olira pagulu, koma anatenga nthawi asanadzuke. Atadzuka anapita kwa mmisiri n'kumugwira dzanja lakuda ndi girisilo ndi manja awo onse awiri.

"Bambo, simukundidziwa n'komwe. Mukanangoikonza n'kulandira zanu. Zikomo. Mwandisungira ana anga kunyumba, mwandisungiranso ana a eni."

"Musandinamizire ubwino, mayi," anatero akuchotsa dzanja mwamanyazi. "Ndimangodana ndi ntchito yoyamba ndi mkangano. Akakufunsani kokonzetsa, munene kuno. Kalata ikafika, masiku asanu ndi limodzi yatuluka."

"Asanu."

"Mayi awa! Chabwino, asanu, ngati alamu anu sabwera kudzathandiza."

Mlamuyo anali ataima patali, akupinda chipewa. Mayi Hutala anamuyang'ana nthawi yaitali mpaka mlamuyo anayamba kusuntha miyendo.

"Alamu, mwanena zoona pamaso pa bwana uja, osandisiya ndekha. Zimenezo ndaziona, ndipo zikomo. Inenso ndinalakwa kusakuuzani. Koma kuyambira lero galimoto yanga muzingoitsuka."

"Mkati momwe?"

"Kunja kokha."

Anatuluka pageti la malata, n'kuima pamthunzi, kutsegula foni pamndandanda wa makolo a ana aja. Anayamba ndi wovuta kwambiri, mayi wa mapasa, amene anali atafunsa kale kawiri ngati ayambe kufuna galimoto ina.

"Amake mapasa, ndine. Musafune wina ayi. Lolemba likubwerali ayi, koma linalo ndili pageti panu. Muwauze anawo nsapato azivaliratu."